Tikupita ku Sun City ndi ana, apongozi ndi anzathu: nditani kuti juga isatidyere ulendo?

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Senga Bay kuno ku Salima ndipo ndimachita geni ya nsomba ndi mpunga. Mabanja atatu takhala tikusonkha ndalama kwa zaka ziwiri kuti Disembala uno tikapume ku Sun City, ku Joni. Tonse tilipo 13: akuluakulu 7 kuphatikizapo apongozi anga aakazi, ndi ana 6, wamng'ono wa zaka 4, wamkulu wa zaka 16. Mmodzi mwa anawo ndi wa achemwali anga, ndipo makolo ake sapita nawo. Ambirife sitinatulukepo m'dziko muno. Chikundisowetsa tulo n'chakuti thumba la gulu akusunga ndi bambo a kunyumba, koma iwo amakonda kandege pa foni, ndipo akumanena kuti ku kasino akakabweza ndalama yonse ya ulendo. Apongozi nawo akuti kumeneko n'kwa otchova juga, si koyenera ana. Tipite kapena tisiye? Ngati n'kupita, tikonzekere bwanji?"

Amayi, khazikani mtima pansi. Ulendowu ndi wotheka, ndipo amene akasangalale kwambiri ndi anawo. Koma pa zonse mwafunsa, chimene chiyenera kukonzedwa musanachoke ku Salima ndi nkhani ya thumba. Zinazo ndi za mapepala, masiku ndi malo ogona, ndipo zili ndi njira yake. Ndiyambe ndi apongozi, popeza nkhawa yawo siivuta kuyankha.

Apongozi sakunama kwenikweni. Sun City inayambadi chifukwa cha juga. Sol Kerzner anaitsegula mu Disembala 1979 m'dera la Bophuthatswana, limene boma la tsankho linkati ndi dziko lapalokha. Nthawi imeneyo kasino inali yoletsedwa mu South Africa, choncho anthu a ku Johannesburg ndi Pretoria ankayenda maola awiri kukatchovera kumeneko. Derali linabwerera m'manja mwa South Africa mu 1994, ndipo lero lili m'chigawo cha North West, chapafupi ndi Rustenburg. Makasino atachuluka m'mizinda ikuluikulu, Sun City inayenera kukopa anthu ndi zina, n'chifukwa chake lero kasino ndi gawo limodzi chabe la malo aakulu okhala ndi mahotela, madziwe osambiramo, mabwalo awiri a gofu ndi malo odyera. Munthu akhoza kukhalako masiku anayi osaponda pamene pali makina a juga. Ana sangalowe m'kasino n'komwe, chifukwa lamulo la dzikolo limaletsa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo alonda amafunsa chiphaso akakayika msinkhu. Wanu wa zaka 16 uja, ngakhale atakhala wamtali ngati bambo ake, akabwezedwa pakhomo. Muwauze apongozi zimenezi, ndipo muwalonjeze tsiku lokaona njovu.

Tsopano thumba. Munthu amene amasewera kandege, amenenso wanena ndi pakamwa pake kuti akufuna kukachulukitsa ndalama ku kasino, asasunge ndalama ya gulu. Sindikuwanena bambo kuti ndi akuba. Anthu amene amataya ndalama za anzawo pa juga nthawi zambiri sayamba ndi mtima woba. Amayamba ndi yawo, ikatha amabwereka pang'ono m'thumba lomwe akusunga, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti abweza ola lomwelo. Ikapita imeneyonso, mantha amawakankha kutenga yambiri kuti akwirire dzenje loyambalo. Pofika m'mawa ndalama ya hotela ndi ya thiransipoti yobwerera palibe, ndipo muli makilomita oposa chikwi kuchokera kwanu, ndi ana 6.

Njira yake ndi yomwe mumaidziwa kale ku banki m'khonde: bokosi limodzi, makiyi kwa anthu osiyana. Itanani mabanja atatuwo, musaloze munthu chala, mungoti ndalama zakula, tiike dongosolo. Ndalama yonse ilowe mu akaunti imene singatuluke popanda anthu awiri a mabanja osiyana kusainira. Kenako lipirani zonse zimene zingalipiridwe muli konkuno: matikiti opita ndi obwerera, malo ogona, galimoto yokutengani ku Johannesburg. Ndalama imene yasanduka tikiti singatchovedwe. Yotsalayo muigawe patatu. Gawo loyamba ndi la chakudya ndi zolowera malo osiyanasiyana, liikidwe m'maenvulopu a tsiku ndi tsiku. Lachiwiri ndi la mwadzidzidzi, la matenda kapena kuphonya basi, ndipo limeneli lisungidwe ndi munthu amene alibe chidwi ndi juga, mwina apongozi omwewo. Lachitatu ndi la m'thumba mwa aliyense, lofanana kwa wamkulu aliyense, kuti wina agule nsapato, wina akadye kodula, wina akayese kasino. Mugwirizane pamaso pa onse kuti ya munthu ikatha yatha, palibe kubwerekana, ngakhale mkazi kubwereka mwamuna wake. Mfundo imeneyi ikanenedwa muli pa khonde ku Senga Bay imamveka ngati nthabwala ndipo onse amavomera. Mukadikira kuti muinene pakhomo la kasino usiku, imasanduka ndewu.

Mawu a bambo akuti akakabweza ndalama ya ulendo ndi ofunika kuwayankha ndi masamu, chifukwa kukangana nawo pa za khalidwe sikuphula kanthu. Tengani roulette, gudumu lija lozungulira ndi kampira. Lili ndi timabowo 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mukaika ndalama pa nambala imodzi n'kupata, amakulipirani ka 35 n'kukubwezeraninso yanu ija. Ndiye yerekezani kuti mwaika R10 (marandi 10) pa nambala iliyonse kuti musaphonye. Mwatulutsa R370. Nambala imodzi ipata ndithu, mulandira R350 ndi R10 yanu, zonse R360. Mwapata, koma R10 yapita. Imeneyo ndiyo phindu la kasino, pafupifupi R2.70 pa R100 iliyonse yoikidwa patebulo. Gudumu likakhala la maziro awiri, timabowo timakhala 38 ndipo phindu lawo limakwera kupitirira R5 pa R100. Palibe kubera apa, malamulo a masewerawo analembedwa choncho, ndipo ndi ndalama imeneyo imene inamanga mahotela amene mukukagonamowo.

Pali nzeru ina imene anthu a kandege amaikonda: ukaluza, wirikiza kawiri, tsiku lina upata n'kubweza zonse. Tiyeni tiiyese. Mwayamba ndi R50 pa zofiira (timabowo tofiira ta pa gudumu lija, pamene mukapata phindu limafanana ndi ndalama mwaikayo), mwaluza. Mwaika R100, kenako R200, R400, R800, R1,600, R3,200. Mukaluza kasanu n'kawiri motsatizana mwataya R6,350, ndipo kuti mupitirize mukufunika R6,400 ina, zonsezo pofuna phindu la R50 yokha. Bambo anena kuti kuluza kasanu n'kawiri motsatana sikuchitika. Kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 106 alionse amene munthu wayamba mzere wotere. Woyamba mizere 50 usiku umodzi, zomwe sizovuta, ali ndi mwayi woposa umodzi pa itatu woti tsokali limugwere. Komanso tebulo lililonse lili ndi malire a ndalama imene mungaike, kotero ngakhale mutakhala nayo, amakuimitsani musanabweze.

Makina aja owala ndi kulira ndiwo amadya mwakachetechete. Mkati mwake muli kompyuta imene imasankha manambala mwachisawawa nthawi iliyonse mwadina, ndipo siikumbukira zimene zachitika kale. Makina amene akhala osalipira tsiku lonse sali "pafupi kutulutsa", monganso kandege sikakumbukira kuti kagwa msanga kasanu. Chimene anthu sachiona ndi liwiro. Pa R5 kudina kamodzi, kakhumi pa mphindi, mwazunguza R3,000 pa ola, ngakhale munalowa ndi R500 yokha, chifukwa timene mukupata tija mukutibwezeramo. Tingoyerekeza kuti makinawo amasunga R8 pa R100 iliyonse: ola limodzi mwasiya R240, maola awiri R500 ija yatsala pang'ono kutha, ndipo inu mukukumbukira kuti "ndimapatatu". Makina ambiri masiku ano satenga makobidi, mumaika ndalama pa khadi, ndiye dzanja silimva kuti chinthu chikuchoka. Masewera a makadi otchedwa blackjack ndiwo amene phindu la kasino limatsika kufika pansi pa R1 pa R100, koma kwa munthu yekhayo amene analoweza bwino nthawi yotenga khadi ndi yoima. Wophunzirira patebulo pomwepo amalipira sukulu yodula.

Sindikunena kuti bambo muwatsekere m'chipinda. Munthu wamkulu woletsedwa amapita mozemba, ndipo wozemba ndiye amataya zambiri. Apite poyera, ndi mnzawo, atanyamula ndalama ya m'manja imene avomereza kuti ndi mtengo wa chisangalalo cha usikuwo, ngati tikiti ya mpira. Khadi ya ku banki itsale m'kabokosi kokhoma ka m'chipinda, chifukwa makina otulutsa ndalama amakhala pafupi kwambiri ndi malo osewerera, ndipo sanaikidwe pamenepo mwangozi. Aike alamu pa foni, popeza m'kasino simuona dzuwa kapena wotchi, ndipo ikalira akakumane nanu ku chakudya. Akapata kanthu, aike m'thumba lina losabwereramo dzanja. Mowa ndi juga zisayendere limodzi. Anyamulenso pasipoti, chifukwa polandira ndalama yochuluka kapena potenga khadi yosewerera amafunsa chiphaso.

Tibwere ku mapepala. Aliyense, ngakhale wa zaka 4 uja, akufunika pasipoti yakeyake. Amene alibe ayambe lero, osadikira Novembala, chifukwa pasipoti imatha kutenga nthawi, ndipo ya mwana imafuna kalata ya kubadwa yochokera ku NRB, imene mungayambe kuifunsa ku ofesi ya boma konko ku Salima. Amene ali nayo kale aone tsiku lothera. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhale ndi moyo masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lomwe mukutuluka m'dzikomo, koma popeza mayiko ena odutsamo ndi makampani a ndege amakonda miyezi 6, tengani miyezi 6 ngati muyeso wanu. Masamba opanda chidindo akhalepo awiri kapena kuposa, makamaka mukayenda pa basi, chifukwa chipata chilichonse chimadinda. Amalawi safuna viza pokacheza ku South Africa kwa masiku osapitirira 30. Koma masiku enieni ndi amene ofisala walemba pa chidindo, ndipo nthawi zina amapereka ochepa, makamaka pa Beitbridge. Musachoke pawindo musanawerenge chidindo cha munthu aliyense. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, ndipo zaka zisanu ngati wapyola kwambiri. Kalata ya hotela yosonyeza mayina anu ndi matikiti obwerera zikhale zosindikizidwa papepala, m'chikwama cha m'manja. Ndi zimene zimamuonetsa ofisala kuti mwabwera kudzacheza, simukudzafuna ganyu.

Mwana wa achemwali anu ndiye wofunika kusamala kwambiri. Kuyambira kumapeto kwa 2019 South Africa inafewetsa malamulo a ana a mayiko ena oyenda ndi akuluakulu, koma musadalire zimenezo. Mukudutsa zipata zingapo, ndipo ofisala aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti mwanayu ndi wa ndani, chifukwa nkhani yozembetsa ana njoopsa m'njira imeneyi. Nyamulani kalata yake ya kubadwa, kalata yolumbirira yosainidwa ndi makolo onse awiri pamaso pa majisitireti kapena loya yonena kuti akulola inu kuyenda naye, kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ndi mafotokope a ziphaso za makolowo ndi manambala awo a foni. Ana anu omwe muwanyamulire makalata a kubadwa. Salemera.

Kayendedwe kali pawiri. Pa ndege, muchoka ku Salima pa msewu wa M14 kupita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku bwalo la OR Tambo ku Johannesburg ndi maola awiri ndi theka ngati siima pa Chileka. Pa basi, mukwerera ku Lilongwe kapena Blantyre, kudutsa Tete ku Mozambique, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Ndi ulendo woposa tsiku limodzi ndi usiku wake, ndipo m'nyengo ya zikondwerero mzere wa pa Beitbridge ukhoza kuwonjezerapo maola ambiri. Kwa apongozi ndi mwana wa zaka 4 ndi chintchito. Ngati thumba silikwana ndege kwa onse, si cholakwa kugawana: agogo, ana aang'ono ndi amayi awiri pa ndege, enawo anyamuke pa basi masiku awiri m'mbuyo. Dziwaninso mmene anthu amayendera nyengoyi. Khirisimasi isanafike, khamu limachoka ku Joni kubwera kumudzi, ndipo Januwale akayamba limabwerera. Mukapita pakati pa Disembala n'kufuna kubwerera pa 22 kapena 23, mwalowa m'khamu lenilenilo, mabasi odzaza ndi katundu, mitengo yokwera. Tikiti yobwerera igulidwe limodzi ndi yopita.

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Sun City ndi maola awiri kapena awiri ndi theka, ambiri amadzera msewu wa N4 wolipira pa mageti, kenako R556. Anthu 13 ndi zikwama zawo sakwana m'galimoto wamba. Chapafupi n'kubwereka minibasi ndi dalaivala wake kudzera ku hotela kapena kampani yodziwika, mtengo mugwirizane polemba musananyamuke. Musakwere ya munthu amene wakutsatirani pa Park Station kapena pa bwalo la ndege akuti ali ndi galimoto panja, ndipo mukafika usiku gonani kaye mu mzinda, munyamuke kukacha. Wofuna kuyendetsa yekha, laisensi yathu imagwira ntchito ndipo nawonso amayenda kumanzere, koma makampani obwereketsa amagwira chikole pa khadi ya banki ya dalaivalayo, chimene chimadya gawo la ndalama zakunja zomwe mwavutikira kupeza.

Ndalama zakunjazo ndi mutu pawokha. Mukudziwa mmene zavutira m'mabanki mwathu, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Pitani ku banki yanu kutatsala miyezi iwiri kuti munyamuke, ndi pasipoti ndi tikiti, mufunse kuchuluka kwa zimene angakupatseni ndi malire a khadi yanu ikakhala kunja. Wamkulu aliyense apemphe payekha, musaunjike pa munthu mmodzi. Malisiti osinthira ndalama asungeni, amafunsidwa pa chipata. Marandi a m'manja opitirira malire oikidwa pa munthu mmodzi amafuna chilolezo polowa kapena potuluka mu South Africa, ndiye kugawana kuja kukuthandizaninso apa. Ndipo poti ndalama munasonkha ndi makwacha pomwe zolipira zili m'marandi, werengetsani mtengo wa ulendo pa mtengo wa randi wa lero, n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Likatsala, mudzagawana pobwera.

Malo ogona ku Sun City ali m'magulu. The Palace of the Lost City, imene inatsegulidwa mu 1992, ndiyo yodula kwambiri, ya kukajambulitsa basi. Cascades imatsatira. Hotela yoyamba kumangidwa, Sun City Hotel, ndi imene ili ndi kasino m'kati mwake, ndiye poganizira za bambo, imeneyo ilekeni. Cabanas ndiyo yotsikirako mtengo ndipo inakonzedwera mabanja a ana. Koma kwa gulu ngati lanu ndingakulozereni ku nyumba za Vacation Club za m'kati momwemo kapena nyumba zina zodziphikira za kunja kwa geti la Sun City, chifukwa chimene chimapha thumba pa malo otere ndi chakudya. Anthu 13 kudya m'malesitilanti katatu pa tsiku, kuwonjezapo 10 pa 100 ya woperekera zakudya monga mwa chizolowezi cha kumeneko, ndi ndalama yoti masiku anayi ikhoza kufanana ndi ya malo ogona. Mukakhala ndi khitchini, mugula ufa, nkhuku, mazira ndi ndiwo zamasamba ku masitolo a Sun Village pafupi ndi geti, kapena ku Mogwase, n'kumadya kunja kamodzi patsiku. Ufa wa chimanga uli paliponse, iwo nsima amaitcha pap, ndiye apongozi sagona ndi njala. Mthiko nyamulani wanu. Nyama, zamkaka ndi zomera zosaphika zimafuna chilolezo pa chipata ndipo zikhoza kulandidwa, choncho chambo chanu chitsale ku Senga Bay. Mukagona kunja kwa geti, werengerani kuti tsiku lililonse mulipira polowa, ndiponso padera polowa ku dziwe la mafunde, pamene ogona m'mahotela a m'katimo salipira. Nthawi zina kutchipa kwa kunja kumathera pamenepo, ndiye funsani mitengo yonse iwiri muwerengere anthu 13.

Za masiku: masukulu a ku South Africa amatseka kumayambiriro kapena pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, ndipo nthawi imeneyo malowa amadzaza, mitengo ili pamwamba penipeni. Mpikisano waukulu wa gofu wa Nedbank, umene unayamba mu 1981, umachitikanso komweko mu Novembala kapena Disembala, ndipo sabata imeneyo zipinda zimasowa. Ngati simunasungitse malo pofika pano, chitani sabata ino, ndipo mulipire ku hotela yeniyeniyo kapena kwa kampani ya maulendo yokhala ndi ofesi imene mungalowemo. Zotsatsa za pa Facebook ndi WhatsApp zonena kuti wina akugulitsa sabata yake motchipa zabera anthu ambiri. Musanatumize kobiri, imbani ku hotela mutsimikize kuti nambala ya malo anuwo ilipodi m'dzina lanu. Masiku atatu kapena anayi akukwanirani. Kupitirira apo ana aona zonse, ndipo wamkulu amene wasowa chochita ndi amene amabwerera ku makina.

Ana adzakondwa ndi Valley of Waves, dziwe lalikulu lokhala ndi mchenga ngati gombe, limene makina amaponyamo funde lotalika pafupifupi mamita awiri pakapita kanthawi kalikonse. Apa ndichenjeze inu a kunyanja makamaka. Mwana wokulira ku Senga Bay amadziona ngati katswiri, ndipo makolo ake amatayirira. Koma funde la mwera limaoneka likubwera, pamene ili limadzuka mwadzidzidzi m'dziwe lodzaza anthu, ndipo chimene chimavulaza ndi kugundana mitu ndi kukanikizidwa pansi ndi anthu akuluakulu. Wa zaka 4 akhale ku madziwe a ana. Pa gulu lalikulu aliyense amaganiza kuti wina akuyang'ana, choncho tchulani dzina: kuyambira 10 mpaka 12 koloko ana ali m'manja mwa akutiakuti, ndipo munthuyo foni aike pansi. Masana m'chilimwe kumabwera mvula ya mabingu, ndipo akalengeza kuti tulukani m'madzi, tulukani.

Tsiku limodzi lipatseni Pilanesberg, nkhalango ya nyama yomwe yagundana ndi Sun City. Ili m'chibowo cha phiri lakale lophulika moto, ndipo nyama zake zambiri zinachita kubweretsedwa pa magalimoto kuyambira 1979, monga zinachitikira kwathu kuno pamene njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Kuli mikango, zipembere, njati, akambuku, akadyansonga ndi mvuu pa damu la Mankwe. Geti la Bakubung ndilo lili pafupi. Nyamukani m'bandakucha, nyama zimabisala dzuwa likakwera, ndipo funsani msinkhu wa ana umene amalola pa magalimoto otseguka musanalipire. M'galimoto simutuluka kupatula pa malo otchingidwa. Ulendo wa m'mawa woterewu uli ndi ubwino winanso: munthu wodzuka 4 koloko sachezera ku kasino.

Pa zaumoyo, chachikulu ndi malungo. Dera la Sun City kulibe malungo, koma inu mukuchokera kumene alipo ambiri, ndipo mwana wolumidwa ndi udzudzu ku Salima akhoza kuyamba kutentha thupi patapita sabata kapena awiri, muli kale kumeneko. Dokotala wa dera lopanda malungo sayamba waganiza za malungo. Wina akatentha thupi, musadikire kuti tione mawa: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba akhale akuti tachokera ku Malawi, m'mbali mwa nyanja, muyezeni malungo. Zipatala zolipira za kumeneko zimafuna ndalama kapena inshuwalansi musanagonekedwe, ndiye gulani inshuwalansi ya paulendo ya aliyense, makamaka apongozi, ndipo ngati ali ndi BP kapena shuga muzinene pogula kuti asadzakane kulipira. Mankhwala awo akwane masiku onse ndi ena apadera, akhale m'mapaketi ake, limodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Tina ting'onoting'ono: masoketi a kumeneko ndi a mapini ozungulira, athu a makona salowa, gulani adaputala. Simu khadi ya kumeneko imalembetsedwa ndi pasipoti, ndipo ziwiri zikukwanirani gulu lonse.

Ngati mutawerengetsa n'kupeza kuti thumba silifika, musakongole kuti mukwanitse dzina la Sun City. Gold Reef City mu Johannesburg momwemo ili ndi malo a masewera a ana ndi mgodi wakale wa golide wolowamo alendo, ndipo mumapulumutsa ndalama ya minibasi ndi ya mahotela odula. Kasino iliponso pamenepo, choncho dongosolo la thumba lija silisintha.

Ndibwerere kwa bambo, chifukwa pali malire amene malangizo a paulendo sathandizanso. Musanapite kwa gulu, khalani nawo pansi awiri, nthawi yabwino, muwapemphe kuti muonere limodzi ndalama ya gulu, kobiri ndi kobiri, molingana ndi kaundula wa zosonkha. Ikakhala yonse, ndipo avomera mosavuta kuti isungidwe ndi anthu awiri, ndiye kuti muli ndi munthu wokonda masewera chabe, ndipo malamulo ndatchula aja akwanira. Koma mukaona akuzemba, akukwiya mukafunsa, ndalama yaperewera ndipo nkhani yake ikusinthasintha, kapena mukudziwa kale kuti amabisa mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, anakongolapo katapila, anagulitsapo katundu wa m'nyumba kapena kudya mpamba wa geni chifukwa cha kandege, amadzuka usiku kusewera kuti abweze zimene waluza, limenelo ndi vuto la juga, ndipo ndi matenda amene amathandizika. Munthu wotere simupita naye kukagona pafupi ndi kasino. Sinthani kopita, kapena imitsani ulendo mpaka chaka chamawa. Yambirani ku chipatala cha boma cha Salima mufunse anamwino oona za maganizo, kapena pitani ku St John of God ku Lilongwe kumene amathandiza anthu ogwidwa ndi zizolowezi zotere. Akayamba kulankhula zoti moyo watha kapena zodzipha chifukwa cha ngongole, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Zikakuvutani muli kale ku South Africa, kuli nambala yaulere ya uphungu wa za juga, 0800 006 008, ndipo achibale nawonso amaloledwa kuimba. Kasino iliyonse kumeneko ilinso ndi dongosolo loti munthu adzilembetse yekha kuti asaloledwenso kulowa, mungofunsa kwa oyang'anira chitetezo. Ngati kuno kumudzi bambo akana kutulutsa thumba kuti liwerengedwe, musalimbane nawo nokha ndipo musabise kwa mabanja enawo, popeza ndalamayo ndi yawonso. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kaundula wa zosonkha ali patebulo, tikiti ngakhale imodzi isanagulidwe.